Helikopita ikadzapopera mitengo ya m'dera lanu: yankho kwa mayi wa mwana wodwala mphumu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu ku Zomba, amene tsopano akukhala mumzinda woyandikana ndi Toronto, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Iwo apeza pakhomo kalata ya khonsolo yowadziwitsa kuti pakati pa mwezi wa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni, helikopita idzauluka chapansipansi m'dera lawo maulendo awiri m'mamawa, ikupopera mankhwala otchedwa Btk pamitengo pofuna kupha mbozi za gulugufe wotchedwa spongy moth. Mayiwa ali ndi mwana wa zaka 6 wodwala mphumu, komanso kadimba ka mpiru ndi repu kuseri kwa nyumba. Mafunso awo ndi atatu: kodi asamuke pamasiku amenewo, kodi ndiwo zawo zidzadyekanso, ndipo n'chifukwa chiyani akuluakulu a mzinda angalole kuthira mankhwala pamitu ya anthu chifukwa cha mitengo chabe? Ndinawapempha kuti ndiwayankhe poyera, popeza abale athu ambiri amene ali kunoko amalandira makalata otere n'kusowa wowafunsa.

Mayi, ndiyambe ndi yankho lenileni kuti mtima wanu ukhale m'malo pamene mukuwerenga zotsalazo. Ine sindikuona chifukwa chosamukira, ndipo ndiwo zanu mudzazidya mukazitsuka monga mumachitira masiku onse. Koma nkhawa yanu pa mwanayo ndi yoyenera, moti pali zinthu zingapo zimene ndikukulimbikitsani kuchita pam'mawa wopoperawo. Funso lanu lachitatu ndilo lalikulu kwambiri, ndipo silingayankhike bwino tisanadziwe kachilombo kamene kakuvutitsa anthu chonchi.

Gulugufe ameneyu, amene asayansi amamutchula kuti Lymantria dispar, kwawo ndi ku Ulaya ndi ku Asia. Anafika ku North America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1860 ndi munthu mmodzi, Étienne Léopold Trouvelot, Mfalansa wojambula zithunzi amene ankakhala ku Medford m'boma la Massachusetts ku United States ndipo ankayesa kuweta mbozi zopanga ulusi wa silika. Zina mwa mbozi zake zinathawira kutchire, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 panalibe amene anazilabadira, kufikira mu 1889 pamene zinachuluka mpaka kumaliza masamba a mitengo ya m'misewu ya Medford. Boma la Massachusetts linayamba nkhondo yozithetsa mu 1890, koma linasiya kupereka ndalama mu 1900 poganiza kuti vuto latha, ndipo kuyambira pamenepo kachilomboka sikanabwererenso m'mbuyo. Ku Ontario kanapezeka koyamba mu 1969 pachilumba cha Wolfe, pafupi ndi Kingston. Inu amene munali kumudzi m'nyengo ya dzinja ya 2016 mpaka 2017 mukukumbukira mmene mbozi zachilendo zochokera ku America zinagwirira chimanga chathu, alimi akusowa pogwira chifukwa anali asanazionepo. Nkhani yake ndi yofanana: chamoyo chikafika kumalo kumene kulibe adani amene ankachiletsa kwawo, chimaswana popanda wochiimitsa.

Mukamva aneba anu achikulire akutchula dzina lina, musasokonezeke. Kale gulugufeyu ankatchedwa ndi dzina limene limanyoza anthu a mtundu wa Roma, ndipo bungwe la akatswiri a tizilombo la Entomological Society of America linalisiya mu 2021 n'kulengeza dzina la spongy moth mu 2022. Dzinali likuchokera ku maonekedwe a mazira ake, amene amaunjikana pamodzi ataphimbidwa ndi ubweya wotuwira ngati kachidutswa ka siponji. M'makalata ena a makhonsolo a ku Ontario mupezanso akulemba kuti LDD, koma ndi kachilombo komweko.

Moyo wake umayenda ndi nyengo ya kuno. Gulugufe wamkazi ndi woyera ndipo ngakhale ali ndi mapiko sauluka. Amaikira mazira m'mwezi wa Julayi kapena Ogasiti pakhungwa la mtengo, pampanda, pansi pa mpando wapanja kapena pankhuni, ndipo mulu umodzi umakhala ndi mazira kuyambira 100 mpaka 1,000. Mazirawo amapirira chisanu chonse cha ku Canada n'kuswa chakumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, panthawi imene mitengo ikuphukira. Timbozi tikangoswa timakwera kunsonga, timalendewera paulusi wake, ndipo mphepo imatiuluza kupita kumitengo ina. Tikakula timakhala mbozi zaubweya zokhala ndi madontho abuluu awiriawiri m'mizere isanu kufupi ndi mutu, ndiponso ofiira awiriawiri m'mizere isanu ndi umodzi kulowera kumchira. Mbozi imodzi imatha kudya masamba okwana sikweya mita imodzi isanasanduke gulugufe. Imakonda kwambiri mitengo ya oak, koma zikachuluka zimadya mitundu ya mitengo ndi zitsamba yoposa 300. Ubweya wake umayabwa ngati wa chiyabwe ndipo anthu ambiri amatuluka nawo tiziphuphu, choncho mwana wanu asazigwire, ndiponso wina asaziyese mphalabungu.

Amene sanaone chaka cha mliri amavutika kukhulupirira. Mu 2021 mbozizi zinadya masamba pamalo okwana mahekitala pafupifupi 1.8 miliyoni ku Ontario kokha, ndipo malo amenewa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtunda wonse wa Malawi tikapanda kuwerengera nyanja. Chaka chimenecho ndinayenda m'nkhalango ina mu Juni, nthawi imene kuno kumakhala kobiriwira kwambiri, ndipo ndinapeza mitengo ili mbee ngati m'chisanu, dzuwa likuwomba mpaka pansi. Chimene sindidzaiwala ndi phokoso lake. Zitosi za mbozi zinkagwa pamasamba ouma ngati mvula yowaza, usana wonse osalekeza, ndipo makoma a nyumba zoyandikana ndi nkhalangoyo anali bii ndi mbozi zokwawa. Anthu anasiya kukhala panja, ana anasiya kusewera pansi pa mitengo.

Komabe khonsolo sipopera chifukwa cha kunyansa kwa mbozi, koma chifukwa cha zimene zimachitikira mtengo pambuyo pake. Mtengo wa oak wathanzi ukadyedwa masamba onse mu Juni umaphukiranso ena mu Julayi, ndipo munthu wongodutsa angaganize kuti palibe chimene chaonongeka. Koma masamba achiwiriwo umawapanga ndi chakudya chimene unasunga m'mizu ndi m'thunthu kuti chiuthandize chaka chotsatira, monga banja limene ladya mbewu yodzala. Zikachitika chaka chimodzi umapirira. Zikabwereza zaka ziwiri kapena zitatu motsatizana, makamaka kukakhalanso chilala, mtengo umafooka kotero kuti tizilombo toboola makungwa ndi matenda owoletsa mizu zimaumaliza. Mitengo ya mtundu wa paini ndi ina yosayoyola masamba ndiyo ili pangozi yoposa, chifukwa siphukiranso msanga ndipo imatha kufa itadyedwa kotheratu kamodzi kokha. Onjezanipo kuti mtengo wa m'tauni umakhala uli kale pamavuto: mizu yake yapanikizika ndi phula ndi simenti, nthaka yake ndi yogangatika, ndipo chaka chilichonse umamwa mchere umene amathira m'misewu kuti asungunule madzi oundana.

Mitengo ina ya oak ya m'mizinda imeneyi ndi yakale kuposa misewu imene yaizungulira. Ku High Park ku Toronto kuli mitengo ya black oak imene ndi yotsalira ya nkhalango yakale ya m'derali. Mtengo wotere ukafa, palibe ndalama imene ingaubwezeretse m'moyo wa inu ndi ine, chifukwa mbande imene mungadzale lero idzafika msinkhu umenewo adzukulu a mwana wanu atakalamba. Ukauma uli pafupi ndi nyumba kapena msewu uyenera kudulidwa usanagwere anthu, ndipo ntchitoyo ndi yodula kwambiri, imene amalipira ndi eni malo kapena okhometsedwa misonkho. Kutentha kwa mu Julayi kuno mwakuona, ndipo mukudziwa kusiyana kwa msewu wa mthunzi ndi msewu wopanda mtengo. Choncho pamene mukuti "mitengo chabe", ine ndinganene kuti mitengoyo ndi mbali ya thanzi la anthu omwewo, kuphatikizapo mwana wamphumu amene amapuma bwino pamalo ozizira ndi a mpweya wabwino.

Nanga bwanji helikopita? Chifukwa timbozi timadya kunsonga kwa mitengo yotalika mamita 20 kapena kuposa, kumene mpope wapansi sufika bwino, ndipo nthawi yoti tiphedwe ndi yochepa kwambiri. Mankhwalawa amagwira bwino timbozi tikadali tating'ono, masamba atangotambasuka mokwanira kuti madontho agwerepo. Ukachedwa ndi sabata ziwiri, mbozi zakula ndipo sizifanso mosavuta. Mtengo umodzi kapena iwiri angathe kuupopera kuchokera pansi kapena kuubaya mankhwala m'thunthu, koma paki yonse ndi misewu yozungulira sizingatheke m'masiku owerengekawo. N'chifukwa chake mzinda wa Mississauga, woyandikana ndi Toronto, unapopera ndi helikopita mu 2006, 2007, 2018 ndi 2022, ndipo Toronto inachitanso chimodzimodzi m'zaka monga 2013, 2017 ndi 2019. Amasankha m'bandakucha chifukwa ndi pamene mphepo imakhala bata, mpweya uli ndi chinyezi, ndiponso anthu ambiri akadali m'nyumba. Amapopera kawiri motalikitsa masiku angapo chifukwa mazira saswa tsiku limodzi, komanso mankhwalawo sakhalitsa pamasamba. Tsiku lenileni limadalira nyengo, ndipo kawirikawiri limatsimikizika kutangotsala masiku awiri.

Tsopano ndifike pa mankhwala enieniwo, chifukwa mawu akuti "mankhwala ophera tizilombo" amatikumbutsa zinthu zoopsa zimene tinaziona kumudzi, monga zothira thonje ndi fodya, zimene munthu akapopera wopanda chodzitetezera amamva mutu ndi chizungulire. Btk si wa gulu limenelo. Ndi bakiteriya wopezeka m'nthaka mwachilengedwe, dzina lake lonse ndi Bacillus thuringiensis kurstaki. Wasayansi wa ku Japan, Shigetane Ishiwata, anapeza bakiteriya wa mtunduwu mu 1901 pofufuza chimene chinkapha mbozi za silika, ndipo Ernst Berliner anamupezanso mu 1911 ku Germany m'mbozi za mu ufa zochokera kudera la Thuringia, kumene kunachokera dzinalo. Anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala ku France mu 1938, ndipo mpaka lero alimi olima popanda mankhwala a m'fakitale amaloledwa kumuthira pa kabichi ndi ndiwo zina zamasamba. Mwina kabichi amene munagula sabata ino anathiridwapo.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kamene kamandipatsa chidaliro, choncho ndikafotokoze bwinobwino. Bakiteriyayu amapanga timibulu ta puloteni timene sitichita kanthu tikangogwera pakhungu la chamoyo chilichonse, ngakhale pa mbozi yeniyeniyo. Kuti tigwire ntchito, mbozi iyenera kutidya pamodzi ndi tsamba. M'matumbo a mbozi muli madzi a mtundu wa alikali, ofanana ndi chidulo chimene amayi amatcheza ku phulusa, ndipo ndi m'madzi oterowo mmene timibuluto timasungunuka n'kutulutsa poizoni. Poizoniyo amakakamira pamalo apadera a khoma la matumbo a mbozi n'kuliboola, mbozi imasiya kudya patangopita maola ochepa, ndipo imafa m'masiku owerengeka. M'mimba mwa munthu, galu kapena mbalame muli asidi osati alikali, ndipo matumbo athu alibe malo amene poizoniyo amakakamirapo, kotero kuti puloteniyo imagayidwa monga puloteni ina iliyonse. Njuchi nazo sizifa ndi mtundu uwu wa bakiteriya. Pamasamba, kuwala kwa dzuwa ndi mvula zimathetsa mphamvu yake m'masiku ochepa. Amene makhonsolo a kuno amagwiritsa ntchito kawirikawiri ndi Foray 48B, amene ndi bakiteriyayo wosakanizidwa ndi madzi ndi zinthu zina zomuthandiza kumatirira pamasamba, ndipo ndi wovomerezedwa ndi nthambi ya Health Canada (unduna wa zaumoyo wa dziko lino) yoona za mankhwala ophera tizilombo.

Koma sindikufuna kuti muone ngati anthu amene amaopa ndege zopopera ndi osazindikira, chifukwa mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1957 boma la United States linapopera mankhwala ophera tizilombo a DDT ndi ndege pamalo aakulu kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo pofuna kuthetsa gulugufe yemweyu. Mankhwalawo anagwera minda, madambo, msipu wa ng'ombe ndi makomo a anthu, ndipo nsomba, mbalame ndi njuchi zinafa. Anthu ena a ku Long Island, pafupi ndi mzinda wa New York, anakasuma kukhoti ndipo sanapambane, koma nkhani yawo inathandiza kudzutsa dziko, mpaka DDT analetsedwa pa ulimi kumeneko mu 1972. Gulugufeyo sanathe, moti mu 1981 anadya masamba pamalo okwana maekala pafupifupi 13 miliyoni. Anthu anauzidwa panthawiyo kuti palibe choopsa, ndipo kunapezeka kuti chinalipo. Munthu amene makolo ake anaona zimenezo ali ndi chifukwa chofunsira mafunso akamva mawu omwewo lero, ndipo khonsolo yabwino imayankha mafunsowo modekha m'malo mongobwereza kuti zonse zili bwino.

Za thanzi la anthu m'madera opoperedwa Btk zinafufuzidwapo. Mu 1999, pamene ankapopera kudera la Victoria m'chigawo cha British Columbia ku Canada konkuno, azaumoyo anatsata ana odwala mphumu a m'dera lopoperedwa ndi a kunja kwake, ndipo sanapeze kuti kupoperako kunawonjezera matenda awo. Ku New Zealand nkhani inali yovutirapo. Kuyambira 2002 mpaka 2004 boma linapopera Foray 48B mobwerezabwereza kumadzulo kwa Auckland pofuna kuthetsa gulugufe wina wochokera ku Australia wotchedwa painted apple moth, ndipo linakwanitsa, chifukwa mu 2006 linalengeza kuti watha. Koma anthu ambiri anadandaula za kutsokomola, kuyabwa kwa maso ndi pakhosi, ziwengo ndi kusowa tulo, ndipo mu 2007 ofesi ya Ombudsman ya dzikolo inadzudzula mmene akuluakulu anasamalira madandaulo amenewo. Ine ndimatengapo zinthu ziwiri pa nkhani ziwirizi. Choyamba, Btk sapha kapena kudwalitsa anthu monga ankachitira mankhwala akale. Chachiwiri, nkhungu iliyonse ya timadontho touluka mumpweya ingathe kuputa chifuwa cha munthu amene chifuwa chake n'chosachedwa kuputika, ndipo wodandaula sayenera kuuzidwa kuti akungoganiza. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu a ku Auckland anapoperedwa maulendo ambirimbiri kwa zaka ziwiri, pamene inu ndi m'mawa uwiri wokha, ndipo helikopita imadutsa pamwamba pa nyumba imodzi kwa mphindi zochepa.

Tsono mwanayo mumuchitire izi. Lembetsani nambala kapena imelo yanu kukhonsolo ngati kalatayo ikupereka mwayi wotero, kapena muziona tsamba lawo la pa intaneti madzulo alionse m'masabata amenewo, kuti tsikulo lisakudzidzimutseni. Usiku wake tsekani mawindo, lowetsani zovala za pachingwe, zoseweretsa ndi mbale za ziweto, ndipo zimitsani makina alionse okoka mpweya wakunja. Mwana akhale m'nyumba pamene helikopita ikuuluka ndiponso kwa mphindi zosachepera 30 itapita, kuti madontho akhazikike. Kwa mwana wamphumu ine ndingawonjezere mpaka ola lathunthu, popeza kudikirako sikukutayitsani kanthu ndipo nthawi ya sukulu imakhala isanakwane. Mankhwala ake opumira akhale pafupi ndipo onetsetsani kuti sanathe mphamvu. Koposa zonse, pitani naye kwa dokotala wake kapena muimbireni foni masiku asanafike, mumuonetse kalatayo, chifukwa iye ndi amene akudziwa kukula kwa mphumu ya mwanayo kuposa ine. Ngati mwanayo amagonekedwa m'chipatala kawirikawiri ndipo dokotala akuona kuti ndi bwino akagone kwa abale kunja kwa deralo usiku umenewo, chitani zimenezo popanda manyazi. Kumbukiraninso kuti mwezi wa Meyi kuno ndi wa mungu wa mitengo, umene paokha umavutitsa amphumu, ndiponso kuti ubweya wa mbozizo ukachuluka mumpweya umayabwa pakhungu ndi pakhosi. Mumuuziretu mwanayo za phokoso, chifukwa helikopita yotsika chotero m'bandakucha imagwedeza mawindo ndipo ingamuopse kwambiri kuposa mankhwalawo.

Za dimba n'zosavuta. Mukafuna, phimbani mpiru ndi repu ndi nsalu yakale kapena pulasitiki usiku wake n'kuvundukula dzuwa likakwera, koma ngakhale musaphimbe, kutsuka ndi madzi n'kokwanira. Galimoto ndi mipando yapanja zingakhale ndi timadontho tomata tonunkhira pang'ono, ndipo timachoka ndi madzi ndi sopo, makamaka mukatsuka tsiku lomwelo tisanaumirire.

Pali kuipa kwake kwa ntchitoyi kumene makalata a makhonsolo sakonda kukutchula mokweza, ndipo ndi kumene kumandivutitsa ine kuposa za thanzi la anthu. Btk sasiyanitsa mbozi yachilendo ndi mbozi ya m'dziko. Mbozi iliyonse ya gulugufe imene ili yaing'ono ndipo ikudya masamba opoperedwa m'sabata imeneyo ingafe, kuphatikizapo za agulugufe okongola amene sanalakwe kanthu. Mbozi zimenezi ndizo chakudya chimene mbalame zambiri zimadyetsa anapiye ake m'nyengo yomweyo. Agulugufe amene mbozi zawo zimabwera mochedwa, monga monarch, kawirikawiri amapulumuka chifukwa mankhwala amakhala atatha mphamvu, ndipo m'malo ang'onoang'ono opoperedwa agulugufe ena amabwereranso kuchokera m'madera oyandikana m'zaka zotsatira. Koma kumene kuli mtundu wosowa, monga Karner blue wa ku United States, kupopera kumapewedwa chifukwa kungaumalize. Kumbali ina, nkhalango imene yadyedwa mbee nayonso imasiya mbozi za m'dziko zopanda chakudya ndi zisa za mbalame zili pambalambanda. Palibe njira yopanda chotayika, ndipo n'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti kupopera kuyenera kukhala pamalo ochepa osankhidwa bwino, osati mzinda wonse, komanso osati chaka ndi chaka.

Muyeneranso kudziwa kuti helikopita sithetsa mliri. Ku Ontario gulugufeyu anakhazikika kale ndipo sadzachokanso. Amachuluka pakapita zaka pafupifupi 7 mpaka 10, amavuta kwa zaka zingapo, kenako amagwa yekha, ndipo zimene zimamugwetsa ndi matenda ake. Pali kachilombo ka vayirasi kamene kamafala mbozi zikathithikana, ndipo mbozi yofa nako imalendewera itapindika pakati, mutu ndi mchira zonse zikuloza pansi. Palinso chuku chochokera ku Japan chotchedwa Entomophaga maimaiga, chimene chinayamba kupha mbozi zambiri kumpoto chakum'mawa kwa United States mu 1989 ndipo chimafala bwino mvula ikagwa mokwanira mu Meyi ndi Juni. Mbozi yofa nacho imauma itawongoka pathunthu la mtengo, mutu uli pansi. Mliri waukulu wa 2021 unachepa kwambiri mu 2022, ndipo madera ambiri amene unachepa sanapoperedwe n'komwe. Mukaona mbozi zofa zoterezi pamtengo wanu musazichotse, chifukwa ndi zimene zikufalitsa matendawo kwa zinzake. Ntchito ya kupopera kuno ndi kusunga masamba pamitengo yofunika kwambiri kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kuti isafe isanafike nthawi imene matenda achilengedwe adzagwire ntchito yake. Ku British Columbia cholinga n'chosiyana: kumeneko gulugufeyu sanakhazikike, choncho akapezeka m'misampha amapopera kadera kameneko kuti amalizidwe asanafalikire.

Poti ndinu wokhala mumzindamo, muli ndi ufulu wofunsa, ndipo ndikukulimbikitsani kutero mwaulemu koma mosaopa. Makhonsolo amatuma anthu kukawerenga milu ya mazira m'nyengo yozizira, ndipo chiwerengerocho ndicho chimasonyeza ngati masamba adzadyedwa kwambiri chaka chikubwerachi. Funsani kuti m'dera lanu anapeza milu ingati, kuti mitengo yake yadyedwa zaka zingati motsatizana, ndiponso ngati adzalengeza zotsatira atapopera. Pemphani mapu oonetsa malire a malo opoperedwa, chifukwa mwina nyumba yanu ili m'mphepete chabe. Khonsolo ikakuonetsani ziwerengero zimenezi ndipo zikusonyeza kuti mitengo yakale ya oak ili m'chaka chachiwiri kapena chachitatu cha kudyedwa, ine ndingaigwirizane nayo. Ikalephera kuonetsa chilichonse koma kungonena kuti anthu adandaula za mbozi, pamenepo mpofunika kukafunsa khansala wanu chifukwa chake agulugufe ena onse afere madandaulo okha.

Ngati pabwalo panu pali mtengo, pali ntchito imene inu ndi mwanayo mungagwire ndi manja, ndipo imathandiza ngakhale helikopita ibwere kapena isabwere. Mu Juni, mbozi zikakula, zimatsika masana kudzabisala kutentha. Mangani chiguduli mozungulira thunthu pamsinkhu wa pachifuwa, chingwe chili pakati, n'kupinda mbali yapamwamba kuti igwere pansi ngati siketi. Masana alionse vundukulani, ndipo mutavala magolovesi kokolorani mbozi zobisalamo n'kuziponya m'ndowa ya madzi a sopo. Mwanayo angaonerere chapatali ndi kuwerenga, koma kugwira kukhale kwa inu chifukwa cha ubweya uja. Mtengo ukadyedwa masamba, uthirireni madzi mokwanira m'masabata ouma kuti upeze mphamvu yophukiranso. Kuyambira Ogasiti mpaka Epulo yang'anani milu ya mazira pamakungwa, pampanda ndi pansi pa mipando, muipale ndi mpeni wosathwa kapena kakhadi kolimba kugwetsera m'chitini, ndipo muiviike m'madzi a sopo kwa masiku awiri musanaitaye. Musangoipalira pansi, chifukwa mazira ogwera m'nthaka amaswabe. Ndipo mukapita kokacheza kunyanja kapena kunkhalango m'chilimwe chino, nkhuni zowotchera nyama mukagule komweko ndi kuzisiya komweko, muyang'anenso pansi pa galimoto ndi pamatenti musanabwerere, popeza gulugufe wamkazi sauluka ndipo maulendo ake ataliatali amayenda pa katundu wa anthu.